Sitandi ya Dabwitso

Chitseko cha minibasi ndicho chinathyola mwendowo. Linali Loweruka m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1996, dzuwa la ku Livingstone likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Dabwitso anakwera pafupi ndi Mukuni Park, pomwe ankagwira ntchito yake yojambula anthu, kamera ili m'khosi, sitandi yake ya miyendo itatu ili m'khwapa. Kondakitala anamukankhira mkati nakoka chitseko osayang'ana. Kunangomveka kuti khwa! Mwendo umodzi wa sitandiyo unali utatsalira kunja.

"Sole mudala," anatero kondakitala, maso ali kale pa munthu wina. "Muzaongola chabe."

Kuwongola chiyani? Kapaipi kopyapyalako kanali kataphwanyika pakati, ndipo Dabwitso atayesa kukawongolera pa bondo kanadukiratu. Anatukwana chamumtima, naika chidutswacho m'chikwama. Anaganiza kuti Lolemba adzapita nayo kwa amisiri a ku msika wa Maramba. Pa nthawiyo nkhaniyo inali yaing'ono, yongomuwonongera tsiku.

Kamerayo anaigula chaka chimene fakitale ya nsalu inatsekedwa, iye ndi anzake onse atauzidwa kuti asabwerenso. Kuyambira pamenepo anajambula maukwati, makwaya, asilikali ofuna kutumiza nkhope kwa zibwenzi, ndi ana a sukulu atavala mayunifomu obwereka. Theka la komboni ya kwawo ya Dambwa linali ndi zithunzi zake pa zipupa. Koma woumba mbiya amadyera m'phale. M'nyumba mwake munalibe chithunzi ngakhale chimodzi cha mkazi wake Lister. Filimu inali ya makasitomala. Akamupempha ankati mawa, mawalo linakhala zaka zitatu, kenaka Lister anayamba kudwala ndipo anasiya yekha kupempha.

Matenda akewo anthu a ku Dambwa sankawatchula dzina. Ankangoti amake Mazuba aonda, kenaka n'kutsitsa mawu. Miyezi inayi tsopano Lister anali asanatulukeko pakhomo masana, chifukwa ankadziwa mmene amayi a pampopi amayang'anira munthu, kumuyeza ndi maso kuti watsala ndi masabata angati.

Atatsika minibasi ndi kukhota pa njira ya kwawo, Dabwitso anaona galimoto yabuluu ya kabokosi kumbuyo itaima pakhomo pake. Pambali pake panaima Muleya, mchimwene wake wa Lister, mlimi wa kufupi ndi Kalomo, munthu wamtali wosakonda kuseka. Uthenga unali utabwera kale kuti adzabwera kudzatenga mlongo wake, koma anati kumapeto kwa mwezi.

"Ba mulamu, mwabwera lero?"

"Motoka napeza lero. Tinyamuka sikisitini awazi. Malaiti yake ni yakufa, sinifuna mudima unipeze mu njira." Muleya anayang'ana kamera ili pachifuwa cha mlamu wake, nayang'ana kumbali. "Na mwana tiyenda naye. Bamayo bakamba so."

Dabwitso sanatsutse mawu a apongozi ake. Akanatsutsa ndi pakamwa pati? Kwa Atonga, mtundu wa mkazi wake, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ngakhale ku Katete kwa makolo ake a iye mwini mwambo ndi womwewo. Ankadziwanso zimene banja la mkazi wake linkanena za iye, kuti wojambula amayenda ponseponse, ndiye amene anabweretsa matendawo m'nyumba. Mwina ankanena zoona. Iye sankadziwa, ndipo ankaopa kudziwa. Wotchi yake inkati yakwana 2 koloko ndi mphindi khumi, ndipo ulendowo unali wa 4 koloko.

M'chipinda munali mdima ndi fungo la mankhwala. Anayembekezera kupeza Lister atagona, koma anamupeza atatsamira chipupa, atavala diresi lake lobiriwira la kutchalitchi, lomwe tsopano linkangolendewera m'mapewa. Pamiyendo pake panali kagalasi kosweka ngodya ndi kachitini ka paudala. Anali akujambula nsidze ndi kapensulo, kupuma pang'ono, kuyambiranso. Mazuba, mwana wawo wa zaka zitatu, anakhala pamphasa akuyang'ana amayi ake kukamwa kuli yasa.

"Bashi Mazuba," anatero Lister poitana mwamuna wake, osachotsa maso pagalasi, "nifuna sinapu."

"Manje?"

"Manje. Kuja siniza bwelako, imwe muziba, na ine niziba. Uyu mwana azaniibala. Nifuna akakula azione nkhope yanga, asamve chabe ku bantu kuti amake benze so na so."

Dabwitso anatembenuza kamera nayang'ana kawindo kowerengera. Kanali pa 36, nambala yomaliza ya filimu. M'mawa umenewo anajambula kwaya yathunthu mmodzimmodzi. Sitolo yogulitsa filimu inatseka 1 koloko, monga mwa Loweruka lililonse, ndipo mwini wake ankakhala ku Highlands m'nyumba ya mpanda ndi agalu. Panatsala chithunzi chimodzi chokha.

"Chabwino. Tiyeni panja, kuli kuwala. Nizakujambulani pa kamutengo paja."

"Panja siniyenda. Bazanitulutsa kamozi chabe, nitavimbiwa chitenje." Anaika kapensulo pansi. "Futi neka sinifuna. Sinapu ya muntu eka ni ya pa bokosi. Nifuna tonse batatu, ine, imwe na mwana. Azibe kuti enze na nyumba."

Apa m'pamene mwendo uja unasanduka nkhani yaikulu. Kuti wojambula akhalemo m'chithunzi, kamera iyenera kuima yokha. Ili ndi kachitsulo kamene ukakapotokola kamawerenga mpaka khumi kenaka n'kujambula, iwe utathamanga kale kukakhala. Ndipo m'chipinda chamdima chotero, fulashi itafa mabatire sabata yatha, diso la kamera liyenera kutseguka nthawi yotalikirapo, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku kufuna poikapo. Tebulo anagulitsa mu Julaye, kabati mu Ogasiti. Munatsala bedi, mphasa ndi timipando tiwiri tofika m'mawondo.

Anatuluka ndi sitandi kukhonde. Muleya anamva nkhaniyo atapinda manja.

"Sinapu? Muntu adwala so, imwe muganiza masinapu?"

"Ni beve bafuna."

Muleya anafwenthera pambali. "Basi letani kuno, nitinike ine, tiyende."

Dabwitso anakana kumupatsa kamera kuti adine iye. Anati m'chipindamo muli mdima, dzanja la munthu silingagwire kamera osanjenjemera, chithunzi chingatuluke chachifunga, ndipo chatsala chimodzi. Zonsezi zinali zoona. Koma tisabise, panalinso china. Munthu ameneyu anali kumutengera mkazi ndi mwana, ndipo Dabwitso sanafune kuti atengenso ngakhale ichi. Chinali chinthu chokhacho chimene iye ankadziwa kuchita kuposa mlamu wake, ndipo anachikakamira.

"Nipaseni chabe mamineti fifitini."

Anakhala pa sitepe nayala zidutswazo pansi. Kukamwa kwa paipi kunali kutaphwatalala mbali zonse ziwiri. Anatenga msomali waukulu umene ankakolekapo jekete, naulowetsa, nayamba kupotokola kuti kutseguke. Chitsulocho chinang'ambika pang'ono, n'kumucheka chala chachikulu. Anayamwa magaziwo napitiriza. Kenaka anafuna choti alowetse mkati kuti chigwire zidutswa ziwirizo. Mpini wa tsache unali wonenepa. Ndodo ya ambulera inali yowonda, inkangogwedera. Anabwerera ku mpini wa tsache, naudula ndi mpeni wa kukhitchini, nayamba kuusenga. Mpeniwo unali wobuntha, mtengowo wouma gwa, thukuta likugwera m'maso. Ankasenga, kuyesa, kusenganso. Ulendo wina anasenga mopitirira, mtengo unalowa wonse n'kukagwera mkati mwa paipi, ndipo anachita kuugwedeza mozondotsa kuti utuluke.

Mphindi khumi ndi zisanu zija zinatha kalekale. Muleya anayamba kunyamula katundu, kachikwama ka zovala, matiresi opyapyala oti mlongo wake agonepo kumbuyo kwa galimoto, chigubu cha madzi. Nthawi iliyonse akadutsa pa sitepe ankangomulambalala mlamu wake. Kuseri kwa mpanda wa maluwa mitu ya amayi awiri inali itayamba kale kusuzumira.

"Bashi Mazuba," mawu anachokera mkati, ofooka. "Paudala iyamba kuchoka. Nipya."

"Nabwela, amake Mazuba. Pang'ono chabe."

Mtengo wachiwiri unalowa bwino. Anaukhomera ndi mwala mpaka zidutswa ziwiri zinakumana, koma pokumanirapo panali pogwedera. Panafunika chomangira. Anathamangira kumpopi wa kuseri kwa nyumba, umene anaumanga yekha ndi mphira ya chubu cha njinga kuti usadonthe, namasula mphirayo. Madzi anayamba kutayikira pansi, iye osasamala. Anakulunga mphirayo pa mwendo, akuikoka mpaka kuyera, kuzungulira kakhumi ndi kawiri. Pamwamba pake anazengezapo waya amene anadula pa chingwe choyanikira zovala, naupotokola ndi mano chifukwa pulayala inali itapita pamodzi ndi kabati. Anaimika mwendowo natsamirapo ndi thupi lonse. Sunagwedere. Kunena zoona, ntchito imeneyo anaigwira bwino, ndipo mmisiri wa ku Maramba sakanaiposa.

Wotchi inkati 3 koloko ndi theka.

M'chipinda anapeza Lister atatsetsereka, mutu uli pa pilo, maso otseka. Mtima wa Dabwitso unaima. Koma Lister anatsegula maso, nafunsa ngati nsidze zikadalipo. Zinalipo. Anali atapakanso milomo, ndi kumanga duku loyera mwa njira ija ankamangira akadali mtsikana wogulitsa mu sitolo ya nsapato, mfundo ili pambali. Dabwitso anamuyang'ana ndipo chisoni chinamugwira, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anaona mkazi amene anamukwatira. Ntchito ya ola lathunthu ndi theka inali pankhope imeneyo, ndipo inamudyera mphamvu zonse zimene anali nazo.

Anatsegula zenera nakoka katani kuti kuwala kugwere pabedi. Anaimika sitandi. Pamenepo anaona kuti mwendo wokonzedwawo wafupika ndi zala zinayi, kamera inapendekera kumanzere. Imeneyo si nkhani yovuta. Mwendo uliwonse uli ndi kakolo komasula kuti paipi ilowe kapena kutuluka. Anamasula miyendo iwiri yabwinoyo, naifupikitsa kuti ilingane ndi unzawo. Anamanga wakumbuyo. Dzanja lake lili pa wakutsogolo, Lister anayamba kutsokomola, chifuwa chija chosatha, ndipo anathamanga kukamugwira ndi kumupatsa madzi. Hutala inalira panja.

"Taimu, ba mulamu!" anakuwa Muleya.

Anamudzutsa Lister namukhazika m'mphepete mwa bedi. Anamuika Mazuba pamiyendo ya amayi ake, koma mwanayo anali wolemera kwa iwo, choncho anamuimika pansi pakati pa mawondo awo. Anabwerera ku kamera naika diso. Onse anali mkati bwinobwino, ndi malo ake a iye kumanja. Anazungulitsa galasi mpaka maso a Lister anaoneka akuthwa.

"Nkalani mowongoka. Mutu pamwamba. Musagwedezeke olo pang'ono, olo chichitike chani, mpaka mumve yalila."

"Niziba," anatero Lister. "Nakhala na wojambula zaka zingati?"

Anapotokola kachitsulo, nadina, nathamanga. Kamera inayamba kulira kuti zzzz. Anakhala pambali pa mkazi wake nazungulitsa mkono kumsana kwake, ndipo anamva kuti thupi lonselo latsamira pa mkono umenewo. Akanauchotsa, Lister akanagwa chagada. Anawerenga chamumtima. Chimodzi, ziwiri, zitatu.

Pa zinayi anaona diso la kamera likuwerama.

Linkawerama pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati munthu wopereka moni kwa apongozi. Maso ake anathamangira pa mwendo wa mphira ndi waya. Unali chiimire. Umene unkalowa mkati unali wakutsogolo, wabwinobwino uja, umene anaumasula yekha osaumanganso. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Akanadumpha, mkazi akanagwa, ndipo kamera ikanajambula msana wake. Kachitsulo kaja kakayamba sikabwerera. Anangopitiriza kuwerenga. Pambali pake Lister anali atakweza chibwano monga anauzidwira, akumwetulira, akupuma movutika kudzera m'mano, maso ali pa kamera koma osaona chimene iye ankaona. Zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi zinayi.

Kamera inati tcha.

Lister anatulutsa mpweya nagwera pachifuwa chake. "Yatuluka?"

Dabwitso anayang'ana sitandi. Mwendo unali utasiya kulowa. Mwina sunatsike kwambiri. Mwina anali atasiya malo okwanira pamwamba pa mitu. Anamugoneka, napita ku kamera, nayesa kukoka filimu kuti mwina pangapezeke kachidutswa kena kumapeto, monga zimachitikira mwamwayi nthawi zina. Chokokeracho chinayenda theka n'kuima. Sanayerekeze kuikanso diso kuti aone pomwe kamera inaloza. Anaichotsa pa sitandi msangamsanga, ngati wobisa umboni.

"Bashi Mazuba, nafunsa. Yatuluka?"

"Yatuluka bwino."

"Nenze kuseka?"

"Munaseka bwino maningi."

"Basi," anatero Lister, natseka maso. "Mukamupase akayamba kufunsa."

Anamunyamula awiri, iye ndi Muleya, atamufunditsa chitenje mpaka kumutu monga anafunira. Anali wopepuka mochititsa mantha. Amayi a kumpanda aja ankangoyang'ana, mmodzi atagwira pakamwa. Mazuba anakwera kutsogolo akusangalala kuti akwera galimoto, ndipo sanalire konse. Galimoto itakhota, Dabwitso anabwerera kuseri kwa nyumba napeza madzi a kumpopi atafika pakhomo la khitchini.

Filimu zamitundu ankazitumiza ku Lusaka pa basi, ndipo zinkabwera patatha masabata awiri, nthawi zina atatu. Lolemba anaitumiza. Lister anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi. Dabwitso anapita kumaliro, nakhala kumapeto kwa amuna, kumene anthu ankamupatsa moni ndi nsonga za zala. Apongozi ake aakazi anamulankhula kamodzi kokha, tsiku lobalalika. Anati mwana wawo masiku onse omaliza ankangonena za chithunzi, kuti chikubwera, kuti anavala diresi lobiriwira, kuti achisunge m'Baibulo mpaka Mazuba atakula. Anafunsa kuti chifika liti. Iye anati posachedwa.

Envelopu inafika m'sabata yoyamba ya Novembala, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula ikukana. Anaitsegulira pa benchi ku Mukuni Park, pakati pa ogulitsa ziboliboli. Anthu a kwaya anatuluka bwino onse, mmodzimmodzi, nkhope zowala, makolala oyera. Anawadutsa mofulumira. Chomaliza chinali pansi.

Chinali chakuthwa, chosagwedezeka, kuwala kwake kokoma. Mazuba anali pakati, maso ali mbee, chala m'kamwa. Kumbuyo kwake kunali diresi lobiriwira, manja awiri owonda atagwira mapewa a mwana, mafupa a m'khosi, ndi kansonga ka chibwano. Pamenepo pepala linathera. Milomo, nsidze, duku loyera, zonse zinatsala kunja.

Koma chimene chinamupweteka koposa chinali kumanja. Nkhope yake ya iye inalimo yathunthu, kuyambira tsitsi mpaka ndevu. Sanakumbuke kuti anachita zimenezo, koma pepala silinama. Pamene diso la kamera linkatsika, thupi lake la wojambula linalitsatira lokha, anawerama, nalowetsa mutu wake m'chithunzi. Mkono wake unali kumsana kwa Lister nthawi yonseyo. Akanangomukokera pansi pang'ono, kapena kumunong'oneza kuti weramani. Anaweramitsa mutu wake wokha, namusiya mkazi wake atawongoka monga anamulamulira.

Anakhala pa benchipo mpaka wogulitsa wina anamufunsa ngati akudwala. Anaganiza zoching'amba. Anaganiza zonena kuti filimu inapsa ku Lusaka, pakuti zimachitika. Masiku anayi anayenda nacho m'thumba la shati, akujambula anthu ena, akuwauza kuti amwetulire.

Tsiku lachisanu Muleya anabwera m'tauni kudzagula mbewu, ndipo anamupeza pomwepo pa paki. Sanakhale pansi.

"Bamayo banituma sinapu."

Bodza lija linali lokonzeka pa lilime. Koma Dabwitso anali atanamiza kale munthu mmodzi wa banja limenelo, ndipo analibe mphamvu zonamiza wachiwiri. Anatulutsa chithunzicho nachipereka ndi manja awiri.

Muleya anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachipendeketsa ku dzuwa, ngati kuti mbali yotsalayo ingaoneke. Anayendetsa chala chake chokhakhala m'mphepete mwa pamwamba, pomwe chibwano cha mlongo wake chinathera. Dabwitso anadikira kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa, ndipo akanakondwa nazo. Muleya sanakweze mawu. Anatsegula thumba la jekete, nalowetsamo chithunzicho mosamala kuti chisapindike, namanga batani.

"Mwana nizamupasa," anatero. "Imwe mwaonekamo bwino, ba mulamu."